Makompyuta anayi akale a ku Angónia omwe ankanenedwa kuti sakugwirizana ndi Linux

Lipoti ili ndi la ntchito imene ndinayamba mu Okutobala 2023 pa ofesi ya bungwe lina la alimi, kufupi ndi Ulónguè m'boma la Angónia. Ndalilembera anzanga okonza makompyuta kuno ku Tete, makamaka a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumene makina ambiri otipeza ndi aja anasiyidwa ndi mapulojekiti omwe anatha kalekale. Pa makina otere mawu akuti "ilibe driver" timawatulutsa msanga kwambiri (driver ndi kapulogalamu kothandiza kompyuta kulankhula ndi chipangizo), ndipo akangotuluka pakamwa pa mmisiri, eni ake amayamba kufunafuna wogula zitsulo. Pa ofesi imeneyi zipangizo zinayi zinkavuta: khadi la sikirini, pulinta, modemu ndi katimba ka Wi-Fi kolowetsa pa USB. Zonse zinkanenedwa kuti zilibe driver. Nditazifufuza chimodzichimodzi, panalibe nchimodzi chomwe chimene driver wake ankasowa.

Bungweli limasonkhanitsa mbatatesi, soya, nyemba ndi chimanga kuchokera kwa mamembala ake, n'kumafunira msika ku Tete ndi ku Beira. Ofesi yake ndi ya zipinda ziwiri, ya malata opanda siling'i, pamphepete pa msewu wafumbi, ndipo chipinda chimodzi amaunjikamonso matumba. Makompyuta ndi anayi, onse HP xw4600, mtundu umene unatuluka mu 2007. Mkati mwake muli Core 2 Duo, chipset cha Intel X38, RAM ya DDR2 yokwana 2 GB pa awiri ndi 4 GB pa awiri enawo, hard disk yozungulira, ndi khadi la sikirini la NVIDIA Quadro FX 570. Panthawi yake anali makina apamwamba, opangidwira akatswiri ojambula mapulani, n'chifukwa chake mpaka lero akadali olimba. Ntchito imene amagwira pano ndi yopepuka: kaundula wa mamembala, makalata a Chipwitikizi, malisiti ndi imelo.

Kwa zaka zambiri ankayendera Windows 7. Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020, ndipo kumayambiriro kwa 2023 Chrome nayo inaima pa nambala 109 pa makina a Windows 7. Chimene chinawatopetsa kwenikweni ndi kachilombo kaja koyenda pa maflashi, kobisa mafayilo n'kusiya ma shortcut okhaokha. Mnyamata wina, mwana wa membala, yemwe anaphunzirako za makompyuta mumzinda wa Tete, anawaikira mtundu wa Linux wotchedwa Debian 12, ya 64-bit, yokhala ndi Xfce, pulogalamu yoonetsa mawindo pa sikirini. Anasankha bwino, ndipo ndinamuuza zimenezi pamaso pa komiti. Koma pasanathe mwezi madandaulo anachuluka. Sikirini inkauma, mbewa osayenda, mpaka kuzimitsa pa batani. Pulinta sinkatulutsa pepala. Intaneti inkabwera n'kumathawa. Komiti inagwirizana zoti Linux sikudziwa zipangizo zakale, ndipo anandiitana kuti ndibwezeretse Windows 7, zikakanika agulitse zonse n'kugula laputopu imodzi.

Ndinawapempha a wapampando kuti andilole kuyamba ndapima ndisanafufute chilichonse. Chifukwa changa chinali chakuti ndikabwezeretsa Windows 7 mavuto amene anawathawitsako abwereranso onse, pomwe chimene chikuvutadi sitinachidziwe. Anavomera monyinyirika. Anati, "Amisiri, ife tikungofuna malisiti azituluka. Mbatatesi sizidikira kompyuta."

Ntchito yoyamba inali yolemba m'kope zimene malamulo a lspci -nnk ndi lsusb, otchula zipangizo za kompyuta, anaonetsa pa kompyuta iliyonse. Lamulo loyambalo limatchula chipangizo, nambala zake, komanso driver amene kernel, mtima wa Linux, yachipatsa. Khadi la netiweki la Broadcom linali ndi tg3, zomvekera mawu zinali ndi snd_hda_intel, khadi la sikirini linali ndi nouveau, driver wa Linux wa makhadi a NVIDIA. Panalibe mzere wopanda driver. Makompyuta awiri ankaima poyaka n'kulemba 162 ndi 163, kudikira kuti munthu adine F1. Manambala amenewo pa HP amatanthauza kuti BIOS, pulogalamu yoyamba kudzuka poyatsa kompyuta, yaiwala zoikamo zake ndi tsiku. Ndinasintha mabatire a CR2032, nkhani imeneyo inathera pomwepo. Memtest86+ sinapeze cholakwika pa RAM, ndipo smartctl inaonetsa kuti hard disk imodzi yayamba kukhala ndi malo owonongeka, choncho ndinakopera mafayilo ake tsiku lomwelo.

Pulinta

Ndinayambira pulinta chifukwa ndi imene inkawawa a wapampando. Ndi HP LaserJet 1020, yomwe lsusb imaionetsa ngati 03f0:2b17. CUPS, pulogalamu yoyendetsa mapulinta pa Linux, inali itaizindikira, itaipatsanso driver wa foo2zjs amene ndi woyenera. Ukatumiza tsamba, ntchito inkalowa pamzere, kenako n'kuzimiririka ngati yatha, pulinta ili duu.

Amene munakonzapo 1018 kapena 1020 mukudziwa khalidwe lake. Mapulinta amenewa sasunga firmware yawo, kapulogalamu kamkati koyendetsa chipangizocho. Ali ngati mbaula: ikazima usiku, m'mawa wina ayenera kuyikanso moto. Nthawi iliyonse pulinta ikayatsidwa, kompyuta iyenera kuitumizira firmware kudzera pa chingwe cha USB, apo ayi imalandira tsamba koma siidziwa chochita nalo. Pa Windows driver wa HP amachita zimenezi mwakachetechete, n'chifukwa chake ogwiritsa ntchito sadziwa kuti zimachitika. Debian siyiika fayilo imeneyi m'mapaketi ake chifukwa cha layisensi, umayenera kukaitenga wekha.

Njira zilipo ziwiri. Mutha kukhalabe ndi foo2zjs n'kuipezera fayilo ya sihp1020.dl, kapena kupita ku mapulogalamu a HP a mapulinta otchedwa HPLIP n'kuika plugin yake ndi hp-plugin. Ndinasankha HPLIP pa chifukwa chimodzi chokha: plugin ndi fayilo imodzi imene ndingakopere pa flashi n'kuisiya mu ofesi. Chofunika kusamala n'chakuti nambala ya plugin iyenera kufanana ndendende ndi ya HPLIP imene ili pa makinawo, yomwe pa Debian 12 ndi 3.22.10. Poti modemu inali isanakonzedwe, intaneti ndinaitenga pa foni yanga ya Android kudzera pa chingwe cha USB. Linux imaona foni yotero ngati khadi la netiweki popanda kuikapo chilichonse, ndipo njira imeneyi yandipulumutsa malo ambiri kumene umafuna intaneti kuti ukonze chipangizo chomwe chimabweretsa intanetiyo.

Nditachotsa mzere wakale wa pulinta n'kupanga watsopano, ndinaizimitsa n'kuiyatsanso. Inalira kamodzi monga mwa masiku onse, inakhala chete pang'ono, kenako kagetsi ka olenji kanaphethira ndipo inaliranso kachiwiri. Kulira kwachiwiriko ndiko chizindikiro chakuti firmware yalowa. Ndinawaitana mayi mlembi kuti amvetsere okha, tinabwereza mpaka khutu lawo linazolowera. Magetsi akuno amaphethiraphethira, ndipo pulinta ikazima ngakhale kwa kamphindi imaiwala zonse. Ndinawauza kuti ikaleka kusindikiza afufute zimene zili pamzere, aizimitse, aiyatse, adikire kulira kwachiwiri, ndiyeno atumizenso. Malangizo amenewa tinawalemba pa pepala n'kumata pakhoma.

Modemu ndi timatimba ta Wi-Fi

Modemu ndi Huawei E3372 ya mtundu wa HiLink. Mnyamata uja anandionetsa kuti nthawi zina imaoneka ngati CD, iye n'kuganiza kuti Linux ikulephera kuizindikira. Si choncho. Modemu zimenezi zikangolowetsedwa zimayamba zadzionetsa ngati CD yokhala ndi mapulogalamu a Windows, nambala yake 12d1:1f01. Kenako usb_modeswitch imaitumizira uthenga, imasintha n'kukhala 12d1:14dc, ndipo kernel imaiona ngati khadi la netiweki, tsamba lake likupezeka pa 192.168.8.1. Zonsezi zinkachitika bwinobwino. Funso linali lakuti n'chifukwa chiyani inkabwererabwerera ku CD.

Ndinasiya dmesg -w, yoonetsa mauthenga a kernel, ikuyenda n'kutsegula tsamba lolemera. Mzere wa "USB disconnect" unatuluka, modemu n'kuyambiranso ngati yangolowetsedwa kumene. Nditatsatira chingwe ndinapeza kuti ailumikiza pa doko lakutsogolo, lomwe linali logwedera, kudzera pa chingwe chowonjezera chachitali ndi chopyapyala, n'kuipachika pawindo kuti igwire netiweki. Doko la USB 2.0 limapereka mpaka 500 mA, ndipo modemu ya 4G ikamatumiza mwamphamvu, makamaka kumene netiweki ndi yofooka, imakoka magetsi ambiri. Pa chingwe chopyapyala magetsi amafika atatsika, modemu n'kuzima. Tinasunthira tebulo la mlembi pafupi ndi windo, tinagwiritsa ntchito doko lakumbuyo ndi chingwe chachifupi chonenepa. Sinathawenso.

Timatimba ta Wi-Fi tinali tiwiri, togulidwa pamsika tsiku limodzi, m'mapaketi ofanana, ndipo ankatigwiritsa ntchito polumikiza ku foni ya msungichuma. Kamodzi kankagwira, kena ayi. Pa lsusb koyamba kanali 148f:7601, kutanthauza chip cha MediaTek MT7601U, pomwe kachiwiri kanali 0bda:8179, chip cha Realtek RTL8188EUS. Driver wa kachiwiriko analipo mu kernel, koma dmesg inkanena poyera kuti yalephera kupeza rtl8188eufw.bin. Kuyambira pa Debian 12, yomwe inatuluka pa 10 Juni 2023, firmware zotere zimabwera limodzi ndi installer, koma imangoika za zipangizo zimene yaziona panthawi yoika. Katimbaka kanalowetsedwa pambuyo pake. Paketi ya firmware-realtek inathetsa vutolo.

Komabe sindinawasiye akudalira timatimbato. Makompyuta onse anayi ali ndi doko la netiweki la gigabit lomwe tg3 amaliyendetsa popanda vuto. Tinagula switch yaing'ono ndi zingwe, pa kompyuta ya mlembi ndinauza NetworkManager kuti igawire ena intaneti ya modemu, ndipo CUPS ndinaitsegula kuti onse azisindikiza pa pulinta imodziyo. Chipangizo chilichonse chimene mwachotsa pa ofesi yakumudzi ndi vuto limodzi lomwe sadzakuimbirani nalo foni.

Kuuma kwa sikirini

Apa ndi pamene panali ntchito yeniyeni. Pa kompyuta imene yangouma n'kuyatsidwanso, journalctl -k -b -1 imaonetsa zimene kernel inalemba isanazimitsidwe. Mizere yomaliza inali ya nouveau yokhayokha, yodandaula za fifo ndi channel. Mnyamata uja anali ataiona kale, ndipo anali atawerenga kuti mankhwala ake ndi kuchotsa nouveau n'kuika driver wa NVIDIA weniweni. Anali wokonzeka kutero usiku womwewo.

Ndinamuletsa, ndipo ndikufuna kufotokoza bwino chifukwa chake, poti ambiri a ife timagwa pamenepa. Khadi la Quadro FX 570 lili ndi chip cha G84, ndipo driver womaliza wa NVIDIA wodziwa chip chimenechi pa Linux ndi wa gulu la 340. NVIDIA inasiya kusamalira gulu limeneli kumapeto kwa 2019, womaliza wake ndi 340.108. Debian 12 ili ndi kernel 6.1 ndi X server 21.1 (pulogalamu yojambula pa sikirini), zonse zinatuluka pambuyo pake, ndipo driver ameneyu sali m'nkhokwe ya Debian 12. Kumuika n'kotheka: umamata zigamba zimene anthu ena analemba, umauza X kuti asalabadire kusagwirizana kwake ndi driver wakaleyu, ndipo pulogalamu ya DKMS imamumanganso nthawi iliyonse kernel ikasintha. Tsiku limene kumangako kudzakanike, mlembi adzayatsa kompyuta m'mawa n'kupeza sikirini yakuda ndi kamzere kophethira. Mnyamatayo ankayembekezera kupita ku Tete kukafuna ntchito, ine ndimakhala kutali ndi ofesiyo. Njira ina yopewera zimenezi ndi kuimitsa kernel kuti isamasinthe, komatu ndiye kubwerera komwe anathawa pa Windows 7, makina osalandira zotchinjiriza. Driver amene ali mkati mwa kernel amasintha limodzi ndi kernel, ndipo pa ofesi yopanda mmisiri pafupi chimenecho chimaposa liwiro.

Panalinso china chimene chinkandikayikitsa. Makompyuta anayiwo anali ndi khadi lofanana, kernel imodzi, driver mmodzi. Koma nditafunsa bwino, awiri ankauma pafupifupi tsiku lililonse, mmodzi mwa apo ndi apo, wachinayi sanaumepo. Likanakhala vuto la driver yekha, onse akanadwala mofanana. Ndinafunsanso nthawi. Mayi mlembi anati m'mawa zonse zimayenda, mavuto amayamba dzuwa likafika pamutu mpaka cha m'ma 3 koloko. Angónia ndi kozizira poyerekeza ndi Tete kapena Moatize, koma mu Okutobala pansi pa malata opanda siling'i pamatentha ndithu.

Kenako ndinawafunsa funso limene linasintha nkhani yonse. Ndinati, "Mayi, nanga nthawi ya Windows ija, sikirini sinkachitako zachilendo?"

Anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Inkachita, amisiri. Masana inkathima, kenako n'kubwerera yokha, pakona pansipa n'kulemba timawu. Ife tinkangoti ndi magetsi."

Timawu timeneto ndi uthenga uja wonena kuti driver wa sikirini analeka kuyankha ndipo wabwezeretsedwa. Kuyambira pa Windows Vista pali njira yotchedwa TDR: khadi likapanda kuyankha kwa masekondi awiri, Windows imalidzutsanso. Tsono makhadi amenewa anayamba kudwala kale. Windows inkawadzutsa anthu osazindikira kuti pali vuto, pomwe nouveau ankalephera kuwadzutsa, sikirini n'kuumiratu. Kusintha kwa system kunangoulula matenda amene analipo. Izi sizikanapezeka mu log iliyonse ya Linux. Zinali m'mutu mwa munthu amene wakhala pa kompyutayo zaka zonsezi.

Ndinaika lm-sensors. Lamulo la sensors limaonetsa kutentha kwa chip cha khadi kudzera mwa nouveau. Masana, kompyuta yosauma ija inkakhala m'ma 60, pomwe ziwiri zovuta zija zinkadutsa 90 ukangotsegula masamba angapo. Nditatsegula mabokosi ndinapeza zimene ndinkayembekeza. Kafani ka FX 570 ndi kakang'ono, ndipo khadi likakhala m'bokosi loimirira kamayang'ana pansi, moti munthu wongosuzumira sakaona. Pa khadi loyamba mipata ya chitsulo chochotsa kutentha inali itatsekeka ndi fumbi lofiira losakanikirana ndi ulusi wa matumba, lolimba moti linatuluka lathunthu nditalikoka ndi kawaya. Pa lachiwiri kafani sikankazungulira n'komwe. Nditakakankha ndi chala kanayenda theka n'kuima. Kompyuta yosauma ija inali m'chipinda chamkati, kutali ndi khomo ndi matumba, ndipo khadi lake linali loyera.

Ndisanauze komiti chilichonse ndinasinthanitsa makhadi. La kompyuta yabwino ndinaliika mu yovutitsitsa, la yovutitsitsa mu yabwino. Vuto linatsatira khadi. Kuyesa kumeneku sikufuna ndalama, ndipo kumachotsa motherboard, RAM, bokosi la magetsi ndi system pa mlandu nthawi imodzi. Mukakhala ndi makina ofanana angapo pamalo amodzi musakusiye.

Khadi loyamba nditalipukuta n'kuika mafuta atsopano pakati pa chip ndi chitsulo, kutentha kunatsikira m'ma 60 ndipo kuuma kunatha. Lachiwiri ndinalimangirira fani ina yaing'ono, kutentha kunatsikadi, koma linkaumabe. Tsiku lina poyatsa ndinaona timadontho tofiira ndi tobiriwira pa chizindikiro cha HP, ndipo nditadina F10 timadonthoto tinaliponso m'kati mwa BIOS. Pamenepo Linux imakhala isanayambe, palibe driver aliyense amene akugwira ntchito. Chilichonse chachilendo chimene mwachiona pa sikirini ya BIOS ndi cha chipangizo chenichenicho. Khadi limenelo linali litapsa kale ndi kutentha kwa nthawi yaitali.

Chipset cha X38 chilibe mbali yoonetsera zithunzi, choncho xw4600 singayende popanda khadi. Ndinafuna khadi lokhala ndi zinthu zitatu: lopanda fani, losadya magetsi ambiri, ndiponso lokhala ndi driver mkati mwa kernel. Radeon HD 5450 ya mtundu wopanda fani inakwanira. Imadya magetsi osafika 20 W, siifuna chingwe chapadera cha magetsi, ndipo driver wake radeon ali mu kernel. Ndinaipeza yogwiritsidwapo kale ntchito kwa mnzanga wa ku Tete, inabwera pa chapa. Chofunika kukumbukira ndi kuika paketi ya firmware-amd-graphics musanasinthe khadi, chifukwa popanda iyo khadili siligwira ntchito mokwanira. Nditaliika, kompyuta inayaka ndi kukula koyenera kwa sikirini popanda kukhudza fayilo iliyonse.

Inatsala kompyuta yachitatu, youma mwa apo ndi apo. Khadi lake linali ndi fumbi lochepa, kutentha kunali bwino, BIOS inali yoyera. Inkauma pokhapokha wina akamaonera vidiyo mu Firefox kapena akamakoka windo mofulumira pamwamba pa tsamba lolemera. Apa pokha ndi pamene ndingati nouveau anali ndi mbali yake, ndipo sindikufuna kubisa zimenezo. Driver ameneyu analembedwa ndi anthu odzipereka pofufuza okha mmene makhadi a NVIDIA amagwirira ntchito, ndipo pa makhadi akale mbali ya 3D nthawi zina imakodwa ndi zimene mapulogalamu atsopano amapempha. Ndinazimitsa hardware acceleration (kuthamangitsa zithunzi ndi khadi) mu Firefox ESR, ndinazimitsanso compositor ya Xfce (yokongoletsa mawindo). Sinaumenso. Ndinachita chimodzimodzi pa onse otsala ndi FX 570. Palinso nouveau.noaccel=1 yoika pa mzere wa kernel, yomwe imazimitsiratu kuthamangitsa zithunzi konse, koma sinafunike. Ndikuitchula kuti muidziwe, ndipo ndi yabwino kuposa nomodeset, yomwe imalepheretsa driver yense n'kukusiyani ndi sikirini ya zilembo zikuluzikulu.

Nditafotokozera komiti, ndinaika patebulo chigamba cha fumbi chija pambali pa khadi lakupsa. Msungichuma anachitembenuza ndi cholembera n'kufunsa ngati chinachokeradi mkati mwa kompyuta. Ndalama zimene anasungira laputopu anagwirizana kuti zigule UPS (batire yopereka magetsi akathima) ya kompyuta ya mlembi, SSD yolowa m'malo mwa hard disk yodwala ija, ndi switch. Pulinta ndinawaletsa kuilumikiza ku UPS, chifukwa pulinta ya laser ikamatenthetsa imakoka magetsi oposa amene UPS yaing'ono ingapereke. Makompyuta tinawachotsa pansi n'kuwaika pa matebulo, matumba anawasamutsira mbali ina. Pa awiri a 2 GB ndinaika zram, yopanikiza zimene zili mu RAM kuti ikwanire, popeza DDR2 masiku ano siyipezeka wamba.

Mnyamata uja ndinagwira naye ntchito yonseyi, ndipo pomaliza ankawerenga yekha dmesg n'kusiyanitsa mzere wonena kuti firmware ikusowa ndi wonena kuti chipangizo chathawa pa USB. Tinalemba limodzi kope la ofesi: tsamba limodzi pa kompyuta iliyonse, manambala a zipangizo, driver wake, ndi paketi ya firmware imene chimafuna. Mu envelopu yomatidwa kuchikuto muli flashi yokhala ndi installer ya Debian 12, plugin ya pulinta ndi mapaketi a firmware aja. Mmisiri wina akadzabwera m'malo mwanga sadzayambira pachiyambi.

Zimene zinatsatira

Nyengo yamvula inadutsa popanda kuitanidwa, kupatula foni imodzi ya pulinta, yomwe inatha mayi mlembi atakumbutsidwa za kulira kwachiwiri. Kernel inalandira zosintha zingapo za chitetezo ndipo palibe chipangizo chimene chinaleka kugwira ntchito, chomwe ndi chimene ndinkafuna pokana driver wa 340. Nthawi yogula mbewu malisiti onse anatuluka pa LaserJet yomweyo.

Chilimwe cha 2024 kafani ka khadi loyamba lija, limene ndinangolipukuta, nako kanayamba kulira kenako kanaima. Ulendo uno mlembi anazindikira yekha, poti ndinali nditamuikira kachizindikiro ka kutentha pa mzere wapansi wa Xfce. Anaona nambala ikukwera, anazimitsa kompyuta n'kundiimbira isanaume. Tinaikamo HD 5450 ina. Awiri otsalawo akadali ndi FX 570, ndipo amawapukuta mkati kawiri pa chaka, fumbi lisanayambe ndi likatha.

Pa 9 Ogasiti 2025 panatuluka Debian 13, yomwe inasiya kupereka installer ndi kernel ya ma PC a 32-bit. Kwa amene muli ndi makompyuta a Pentium 4 oyambirira nkhani imeneyi ndi yaikulu, ndipo muyenera kuona mzere wa flags mu /proc/cpuinfo ngati muli lm, chizindikiro chakuti makinawo ndi a 64-bit, musanalonjeze chilichonse kwa eni ake. Ma Core 2 Duo a ofesi ino ndi a 64-bit, choncho sakukhudzidwa. Ndinayesa Debian 13 pa flashi, osaika, pa kompyuta imodzi ya Radeon ndi imodzi ya Quadro. Sikirini, mawu, netiweki ndi modemu zonse zinadzuka. Pulinta idzafuna plugin yofanana ndi HPLIP yatsopano. Popeza Debian 12 ikhala ikusamaliridwa ndi gulu la LTS, losamalira Debian zakale, mpaka Juni 2028, tinagwirizana ndi komiti kuti tisasinthe pakati pa nyengo yogula mbewu. Tidzayambira kompyuta ya m'chipinda chamkati, imene ntchito yake ndi yochepa, ndipo ya mlembi, yomwe imanyamula modemu ndi pulinta, idzakhala yomaliza.